Ndikufuna kukaphunzitsa kunja koma ndisatchone: ndiyambire pati?

Funso: Ndine mayi wa zaka 29, ndimaphunzitsa Masamu ndi Physics pa CDSS ina kuno ku Nkhotakota, cha ku Benga. Ndili ndi dipuloma ya ku Domasi ndipo ndagwira ntchito m'boma zaka 6. Ndili pabanja, ana awiri, bambo akunyumba amachita geni ya mpunga. Msuweni wanga wa ku Joni akuti ndipite, aphunzitsi a Masamu akusowa kumeneko. Palinso wina pa Facebook amene akuti ndimupatse K900,000 andipezere sukulu ku Dubai. Ine kutchona sindikufuna. Ndikufuna ndikagwire zaka zingapo, ndimange nyumba, ndibwerere kudzaphunzitsa kwathu. Kodi zimatheka?

Yankho: Madamu, zimatheka. Ine ndidachita, ndipo ndidalakwitsa zambiri, n'chifukwa chake ndili ndi chokuuzani. Ndidaphunzitsa Masamu ku Botswana kuyambira 1996 mpaka 2000, nthawi imene dziko lija linkatenga aphunzitsi ambiri a m'mayiko ena. Nditabwerako ndidagwira m'masukulu ndi m'maofesi a maphunziro kuno kuchigawo chapakati mpaka kupuma. Koma tithane kaye ndi munthu wa pa Facebook uja, chifukwa ndiye angakupwetekeni sabata yomwe ino.

Musamupatse ngakhale tambala. Sukulu yeniyeni ikafuna mphunzitsi imachita naye yokha intavyu, imamuuza kuti aphunzitse phunziro lachitsanzo, imafunsa ahedi ake za khalidwe lake, kenako imatumiza kontirakiti yokhala ndi dzina la sukulu, malipiro ndi tsiku lothera. Ku Dubai lamulo limati ndalama zolembera munthu ntchito ndi za viza yake alipire ndi bwana, osati wantchito. Ndiye amene akuyamba ndi mawu oti mutumize kaye pa Airtel Money ameneyo ndi dobadoba chabe. Mudamva za amayi athu amene adapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zapamwamba, n'kukalandidwa mapasipoti, n'kumagwira ukapolo m'nyumba za eni. Nawonso adayamba ndi uthenga wokoma wa pa foni. Komanso masukulu a ku Dubai olipira bwino amafuna digiri ndi munthu wodziwa silabasi ya Cambridge kapena ya IB (International Baccalaureate). Wolonjeza malo osakufunsani n'komwe zimenezi wadziulula yekha.

Tibwere ku nkhani yeniyeni. Ambiri pokonza ulendo wotere nzeru zonse zimathera pa kapitidwe: pasipoti, tikiti, kofikira. Za kabweredwe amati tidzaona konko. Inu yambirani kumapeto. Dzifunseni kuti tsiku limene mudzatsike minibasi pa Benga ndi zikwama zanu, Lolemba lotsatira mudzalowera pakhomo liti, ndipo amene adzakutsegulireni adzapeza chiyani m'fayilo mwanu. Amatchona ambiri amene ndidakumana nawo sadafune kutchona ayi. Adachoka moipa, ndiye pofuna kubwerera adapeza kulibe kobwerera.

Ine ndidachoka ndi chilolezo cha pakamwa. Bwana wina amene tinkadyera mbale imodzi adati, "Pitani achimwene, kalata ikutsatani." Ndidakwera basi mtima uli m'malo. Kalata sidanditsate. Pobwera ndidapeza bwana uja adasamutsidwa kalekale, dzina langa lidachotsedwa pa payroll, ndipo m'fayilo mudalembedwa kuti ndidathawa ntchito. Ndidatha miyezi 14 ndikupondaponda m'maofesi, ndalama zimene ndidabwera nazo zikuthera m'mabasi ndi m'maresitihausi. Atandibwezera ndidayambira pa giredi yomwe ndidasiya, ndipo ahedi anga adali mnyamata amene ndidamulandira ndekha pasukulu akungochoka kukoleji. Bwana uja sindimuda. Wolakwa ndidali ine amene ndidanyamuka m'thumba mulibe pepala.

Wa m'boma ali ndi njira zitatu zochokera bwino. Yoyamba ndi tchuthi cha maphunziro, chimene chimabwera ndi bondi yoti mukabwerako mugwire zaka zakutizakuti musanachokenso. Yachiwiri ndi tchuthi chosalipidwa. Chimenechi si ufulu wongotenga, ndi pempho, ndipo limatha kukanidwa, makamaka ngati cholinga ndi kukagwira ntchito kwa bwana wina. Pempho lanu lidzere kwa ahedi, lipite ku divishoni yathu ya Central East ku Kasungu, kenako ku unduna ku Capital Hill, ndipo paliponse pamene ladutsa mutsale ndi kope yodindidwa. Musanyamuke yankho lolembedwa lisanafike m'manja mwanu. Akakana, njira yachitatu ndi kutula pansi ntchito mwaulemu: kalata, notisi yokwanira, kupereka makiyi ndi mabuku, kulandira kalata yovomera. Izi zimapweteka, chifukwa pobwera mudzafunsiranso ntchito ngati wina aliyense kudzera ku Teaching Service Commission, pamzere umodzi ndi achinyamata amene akudikira kulembedwa. Koma wotula pansi ali ndi nkhope yobwerera nayo. Wothawa dzina lake limakhala ndi banga.

Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ntchito ya m'boma malipiro ake ndi okwiyitsa, ndikudziwa, koma anzanu ambiri ali ndi mapepala m'masutikesi akuyembekezera posting. Musaitaye chifukwa cha lonjezo la pa WhatsApp. Muitaye, ngati n'koyenera, kontirakiti yosainidwa ndi viza ya ntchito zili kale m'manja.

Chinanso ndi chimene mwina simukufuna kumva: dipuloma yanu siyenda mtunda wautali. Domasi ndi koleji yabwino, ndipo aphunzitsi ena abwino kwambiri amene ndidawaonapo m'kalasi adachokera kumeneko. Koma maofesi a kunja saona kalasi yanu, amaona pepala, ndipo pafupifupi khomo lililonse labwino limafunsa digiri. Mwayi wanu ndi woti maphunziro anu, Masamu ndi Physics, ndi amene akusowa aphunzitsi pafupifupi kulikonse. Wa Chichewa ndi Bible Knowledge akadandifunsa funso lomweli ndikadamuyankha mosiyana. Choncho zaka ziwiri kapena zitatu zikubwerazi zithereni pa digiri ya uphunzitsi, kaya ku Domasi komweko, ku Nalikule, ku UNIMA ku Zomba, kapena ku Mzuni kumene kuli maphunziro a ODeL oti mumaphunzira muli pantchito. Digiriyo siidzatayika ngakhale ulendo utalephereka, chifukwa idzakukwezani giredi konkuno ndipo ndi imene amafuna kwa ophunzitsa m'ma TTC.

Pamene mukuphunzira, muzisonkhanitsa timapepala timene anzanu amatitaya m'madirowa. Kulembetsa kwanu ku Teachers Council of Malawi kukhale kwamoyo, chifukwa bungwe la aphunzitsi la dziko lililonse limafunsa kaye ngati kwanu muli wovomerezeka. Masatifiketi a SMASSE, maphunziro osula aphunzitsi a Masamu ndi Sayansi ali pantchito, musawapeputse. Mukapeza mwayi wochonga mayeso a MANEB tengani, kalata yake muisunge. Chaka chilichonse lembani kuti ana anu a Fomu 4 adakhoza bwanji phunziro lanu pa MSCE, ahedi asainire. Mphunzitsi wotha kuonetsa kuti ana ake adakhoza Physics pasukulu yopanda labu amachititsa chidwi pa intavyu kuposa wongonena kuti ndimakonda ana. Ndipo tsitsani pa intaneti silabasi ya Masamu ya IGCSE, mayeso a sekondale a Cambridge, ndi mapepala ake akale, muwasove madzulo. Masamu ndi omwewo, koma kafunsidwe ndi kachongedwe n'kosiyana. Kamuzu Academy ku Mtunthama, oyandikana nafe ku Kasungu, amaphunzitsa silabasi imeneyi. Ngati muli ndi mnzanu kumeneko mupempheni mukaonerere kalasi tsiku limodzi.

Mapepala ena ali ndi nthawi yake, musathamangire. Zotsatira za mayeso a Chingerezi a IELTS zimagwira ntchito zaka 2 zokha. Kalata ya apolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu, ya ku Area 30 ija, nayo imakalamba msanga. Zimenezi muzidzatenga khomo litaoneka. Pasipoti yokha ndiyo muyambe msanga, mukudziwa mmene mizere imakhalira.

Tsopano za msuweni wanu. Sakunama kwenikweni. Mndandanda wa ntchito zosowa anthu umene South Africa idatulutsa mu 2022 udali ndi aphunzitsi a Masamu ndi Sayansi a sekondale. Koma njira yake ndi iyi: mapepala anu aunikidwe ndi bungwe la SAQA, mulembetse ku SACE, lomwe ndi bungwe la aphunzitsi la kumeneko, ndipo mukhale ndi viza ya ntchito musanayambe kugwira. Pamndandanda uja amafuna maphunziro a pamlingo wa digiri. Zimene amachita ambiri n'zina: amalowa ndi masiku 30 a mlendo aja, masiku n'kutha, n'kuyamba kuzemba apolisi. Wopanda mapepala sangalembedwe pasukulu ya boma. Amathera m'timakoleji ta m'nyumba zosanjikiza m'katikati mwa Johannesburg, kumene mwini wake amalipira mochedwa podziwa kuti simungakadandaule kulikonse, kapena amasiya choko n'kukagwira m'shopu kapena m'nyumba ya munthu. Ntchito imeneyo siyonyozeka, koma si imene mwandifunsa. Wopyoza masiku akamatuluka amadindidwa chiletso chofika mpaka zaka 5, ndipo wogwidwa amadzera ku Lindela, malo otsekera alendo asanabwezedwe kwawo. Onjezanipo ziwawa zothamangitsa alendo, ngati za 2008 ndi 2015 pamene boma lathu lidachita kutumiza mabasi kukatenga anthu. Sindikuti musapite ku Joni. Ndikuti mupite ngati mphunzitsi wolembetsedwa, kapena musapite.

Makomo ena ndiwatchula mwachangu. England idatsegula njira mu February 2023 yoti aphunzitsi a mayiko ngati Ghana, Nigeria, Zimbabwe ndi South Africa apemphe chiphaso chawo cha QTS, koma Malawi sadali pamndandandawo, ndiye wokuuzani kuti nkosavuta mumukayikire. America ili ndi viza ya J-1 ya aphunzitsi, yofuna digiri ndi zaka 2 za m'kalasi, ndipo imakhala ya zaka 3 zotha kuwonjezeredwa ndi 2. Koma malamulo a kumeneko akusintha ngati nyengo ya panyanja: mu August 2025 adalamula kuti Amalawi ofuna viza yokacheza azisungitsa chikole chofika madola 15,000. Musadalire zimene mnzanu adachita zaka zitatu zapitazo. Funsani ku ofesi ya kazembe. Njira yotetezeka kuposa zonse ndi ya boma ndi boma, ngati mmene Rwanda idatengera aphunzitsi oposa 150 a ku Zimbabwe mu 2022. Zotere zikadzalengezedwa ndi unduna wathu, wokonzeka ndi amene adzapite.

Pali khomo lina limene ambiri saliwerengera chifukwa silinunkhira ndalama, koma kwa munthu ngati inu, amene akufuna kubwerera, ine ndimaliika patsogolo. Ndi la maphunziro. Boma la Japan lili ndi sikolashipu ya MEXT ya aphunzitsi, ya chaka ndi theka, yofuna munthu wosafika zaka 35 amene waphunzitsa zaka 5. Chevening ya ku Britain ndi ya masitazi ya chaka chimodzi, ndipo imalamula kuti mubwerere kwanu kwa zaka 2. Njira zimenezi mumapita ndi tchuthi cha maphunziro, malo anu akukudikirani, mumaona dziko, mumaphunzira kukhala kwa eni, ndipo pobwera muli ndi pepala lotsegula makomo akuluakulu, kuno ndi kunja komwe. Chenjezo limodzi: digiri iliyonse ya kunja, makamaka za pa intaneti zimene zachulukazi, fufuzani kaye ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba m'dziko muno, ngati idzavomerezedwe kuno musanalipire.

Ndiye tiwerenge zaka. Muli ndi 29. Digiri muimalize pofika 32. Pakati pa 32 ndi 34 yesani za maphunziro zija, kapena kufunsira m'masukulu a kunja. Kontirakiti ya zaka 2, mwina kuiwonjezera kamodzi, mubwere musanakwane 39. Mudzakhala mukadali ndi zaka zoposa 20 musanafike 60 yopumira. Chaka chobwereracho muchilembe, bambo akunyumba achidziwe, malume anu achidziwe. Kunja kuli nthenda yoti chaka chimodzi chokha ndiwonjezere, ndipo imagwira aliyense. Ine ndidapita kwa zaka ziwiri, ndidakhala zinayi.

Pa za ndalama ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene misozi imachuluka. Musasinthe malipiro a kunja kukhala makwacha m'mutu mwanu, mudzaledzera nazo. Chotsani kaye lendi, msonkho, thiransipoti, inshuwalansi ya chipatala, chakudya, zovala za nyengo yozizira ndi tikiti yobwera kumudzi kamodzi pachaka. Chotsalacho ndiye malipiro anu enieni. Kuno mwina mumakhala m'nyumba ya sukulu kapena ya lendi yochepa, mpunga ndi wa kumunda, chinangwa cha kondowole chili kuseri, usipa mumagula pagombe. Kumeneko ngakhale tsabola ndi wogula. Ndaona anthu olandira kanayi kuposa kuno akusunga zochepa kuposa mmene ankasungira ku banki mkhonde. Ndipo musakongole kwa akatapila kapena kugulitsa munda kuti mupeze tikiti. Munthu wopita ndi ngongole sangakane nkhanza za bwana.

Zimene mwasunga musaziunjike m'makwacha. Mu May 2022 kwacha idagwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti, ndipo amene adasungira malata ku banki adadzuka ndalama zikukwana theka la denga. Mabanki athu ali ndi maakaunti a anthu okhala kunja osungira ndalama zakunja, tsegulani. Zina muzisandutsa msanga simenti, malata ndi njerwa. Koma nkhani ya nyumba muisamale. Tonse tikudziwa wina amene ankalandira zithunzi za nyumba ikukwera, pobwera n'kupeza zidali za nyumba ya eni, pamalo pake pali maziko ndi udzu. Malowo akhale olembetsedwa m'dzina lanu kapena la banja lanu, a mfumu ndi mboni asainire, osangoti ndi pamalo pa amayi. Mmisiri muzimulipira gawo ndi gawo, ndipo woyendera ntchito asakhale yemweyo wosunga ndalama. Komanso muikiretu malire a thandizo la kumudzi. Tsiku limene mudzakwere ndege, mbumba yonse idzadziwa kuti fizi, maliro ndi feteleza zapeza mwini.

Penshoni musaiiwale. Inu olowa ntchito posachedwapa muli m'thumba losonkha, limene wolemba ntchito amaikamo 10 peresenti, inu 5. Malipiro akaima, kusonkhako kumaimanso. Tengani sitetimenti musanachoke. Kunjako funsani tsiku loyamba lomwe ngati akukudulani ya penshoni, ndi mmene mlendo amaitengera pochoka. Kumene ndinkaphunzitsa sikudali kutali ndi Francistown, kumene ndege ya Wenela idagwa mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 obwerera kuchokera kumigodi, mpaka Kamuzu adaimitsa kutumiza anthu. Ndinkaganizira kawirikawiri za azibambo amene adapita ku Theba, kukagwira m'migodi ya ku Joni. Ambiri adakalamba akulondola ndalama zawo za kumigodi, ena kumwalira asanazione, ndipo chimodzi chimene chidawavuta n'chakuti timapepala ta nambala zawo tidatayika. Ma payslip onse, makontirakiti onse, ajambuleni muwasunge pa imelo.

Za banja sindingakulamuleni, koma ndifunse zimene ena angachite nazo manyazi. Bambo akunyumba apita nanu kapena atsala? M'mayiko ambiri wobwera pa viza ya mkazi wake saloledwa kugwira ntchito, ndipo mwamuna amene adazolowera kuthamanga ndi matumba a mpunga pakati pa Nkhotakota ndi Lilongwe sakhalitsa pampando osakwiya. Akatsala, geni ipitirira ndipo nyumba ili ndi woiyang'anira, koma zaka zitatu ndi zambiri pabanja. Mukambirane poyera, ankhoswe adziwe, ndipo tikiti ya chaka ndi chaka ija isakhale yokambirana. Ana mukapita nawo, kumbukirani kuti pa mayeso a Sitandade 8 pali Chichewa, ndipo kusankhidwira ku sekondale ya boma kumadzera pa mayeso amenewo. Mwana wobwera ali ndi zaka 12 Chichewa atachiiwala amavutika. M'nyumba muzilankhula chathu, ndipo chaka chobwerera muchigwirizanitse ndi kalasi ya wamkuluyo.

Pobwera padzakhala zina zimene palibe amene amakuchenjezani. Mudzazolowera kalasi ya ana 25, projekita ndi labu yokhala ndi gasi. Mudzabwerera ku ana 90, bolodi long'ambika ndi mabuku asanu. Teremu yoyamba mudzakwiya tsiku lililonse. Mu staffroom mukangoti "kumene ndinali timachita chonchi" kawiri, anzanu adzakupatsani dzina, ndipo nzeru zanu zabwino zidzafera pomwepo. Ine adanditcha Pula, dzina la ndalama ya ku Botswana, ndipo lidandikakamira mpaka kupuma. Chimene chidandithandiza ndi kutseka pakamwa n'kumachita m'kalasi mwanga, mpaka zotsatira zitatuluka anzanga adayamba kubwera okha kudzafunsa. Choncho muli kunjako muzisankha zophunzira zimene zingagwire ntchito pa CDSS ya ku Benga: kafunsidwe ka mafunso kodziwira msanga amene watsalira, kachongedwe kosatha usiku wonse, zoyesera za Physics zochita ndi mabotolo, zingwe ndi mabatire a tochi. Ndipo musadule ulusi. Khalanibe m'gulu la WhatsApp la aphunzitsi a Masamu a m'kalasita mwanu, muzidziwa silabasi ikasintha, mukabwera patchuthi mukaonekere kwa ahedi ndi ku divishoni. Ntchito zikalengezedwa, amene amakuuzani ndi anthu amenewa.

Ena pobwera amalota kutsegula sukulu yawo. N'zotheka, ndipo ku Dwangwa ndi ku Salima makolo ofuna sukulu yabwino alipo. Koma imeneyo ndi bizinesi yofuna chilolezo cha unduna, malo, ndi ndalama zolipira aphunzitsi miyezi imene makolo sadalipire. Musaiwerengere ngati pothawira mukalephera kubwerera m'boma.

Chomaliza ndi kalendala. Masukulu a ku South Africa amayamba chaka mu January, athu cha mu September. Ndiye kuti woitanidwa ku Joni amachoka Fomu 4 ili pakati pa ulendo, miyezi yowerengeka MSCE isanafike, ndipo pa CDSS ya kumudzi mphunzitsi wa Physics amakhala mmodzi yekhayo. Chaka chimene mukuyembekezera kuchoka, pemphani ahedi akupatseni Fomu 1 ndi 3, ndipo muwauze msanga kuti ayambe kupempha wolowa m'malo. Kalata yokuchitirani umboni adzalemba ndi ahedi omwewo, ndipo ana amene mungawasiye m'malerewo ndi a anthu amene mudzakumana nawo pamsika ndi pamaliro mukadzabwera.

Msuweni wanu muyimbireni sabata ino, mumufunse zinthu zitatu: dzina la sukulu imene ikufuna mphunzitsi, ngati sukuluyo ili yokonzeka kulemba kalata yopemphera viza ya ntchito, ndi nambala ya Mmalawi mmodzi amene akuphunzitsa kumeneko ali ndi chiphaso cha SACE kuti mulankhule naye nokha. Akayankha zonse zitatu, mundilemberenso tione kontirakitiyo limodzi. Akayamba za "ingobwerani tidzaona konkuno", tsegulani fomu ya digiri ija muyambe kulemba.